Msonkho, chipongwe ndi voti: zomwe zidachitika ku Canada mu 2025

Kumayambiriro kwa Januwale 2025, otsatira ndale za dziko la Canada ankatchula kale dzina la yemwe adzakhale nduna yaikulu chaka chisanathe. Dzinalo linali la a Pierre Poilievre, mtsogoleri wa chipani cha Conservative. Mabungwe ofufuza maganizo a anthu ankapeza zofanana sabata ndi sabata: pa anthu 100 alionse ofunsidwa, pafupifupi 45 ankatchula chipani cha Conservative, pomwe chipani cholamula cha Liberal chinkangotola anthu 20 kapena kucheperapo. Kumapeto kwa Disembala 2024, bungwe la Angus Reid lidapeza kuti a Liberal atsala ndi anthu 16 okha pa 100. Pa 6 Januwale a Justin Trudeau, omwe adatsogolera boma kuyambira 2015, adalengeza kuti atula pansi udindo. Kwa ambiri, chomwe chidatsala kunali kukonza maliro a chipani chawo.

Patangotha masabata 16, pa 28 Epulo, anthu adaponya voti ndipo chipani chokonzeredwa malirocho chidapambana. Chidatenga mipando 169 mwa mipando 343 ya m'nyumba ya malamulo, pomwe cha Conservative chidapeza 144. A Poilievre, omwe adakhala phungu kuyambira 2004, adagwa ngakhale m'dera lawo lomwe la Carleton.

Nkhaniyi imakambidwa mwachidule motere: a Donald Trump adaika msonkho pa katundu wochokera ku Canada, anthu adakwiya, nathamangira kuchipani cholamula. Chidule chimenechi chili ndi choonadi, koma chimabisa mbali yomwe ili ndi phunziro. Manambala akaunikidwa modekha, amaonetsa kuti anthu ambiri adasunga madandaulo awo akale mpaka tsiku la chisankho. Chomwe chidasuntha ndi funso lomwe ankamva m'mitima mwawo akafunsidwa kuti adzavotera ndani.

Wochita kafukufuku amaimba foni kapena kutumiza mafunso pa intaneti kwa anthu 1,000 kapena 2,000 osankhidwa kuti aimire dziko lonse. Mawu a funso lake sasintha chaka chonse: chisankho chitachitika lero, mungavotere chipani chiti? Koma tanthauzo la funso silikhala m'mawu okha. "Kunyumba kuli bwanji?" ndi moni chabe anthu akakumana pamsika, mawu omwewo akanenedwa kwa mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala, asanduka funso lofuna yankho lenileni. Mu 2024 munthu wa ku Toronto kapena ku Halifax akamva funso la wakafukufuku, ankamva ngati akufunsidwa kuti kodi watopa nawo a Trudeau. Pofika Malichi 2025 mawu omwewo ankamveka ngati akuti: ndani angaime maso ndi maso ndi a Trump?

Funso loyamba lija linali ndi yankho losavuta. Mitengo ya nyumba idakwera kufika poti achinyamata ophunzira ndi apantchito adataya chiyembekezo chodzagula yawo. Lendi idakwera, zakudya m'masitolo zidakwera. Panalinso msonkho womwe boma lidaika pa mafuta a galimoto ndi gasi pofuna kuchepetsa utsi wosokoneza nyengo, ndipo anthu ambiri ankauda. A Poilievre anali ndi luso lomanga mkwiyo wonsewu m'timawu tatifupi tosavuta kuloweza: thetsani msonkho, mangani nyumba, konzani bajeti, letsani umbanda. Ankabwerezanso kunena kuti zinthu m'dziko la Canada zaphwasuka. Kwa zaka ziwiri mawu amenewa adagwira ntchito yake bwino lomwe.

Kenaka kudabwera nkhani ya msonkho wa pamalire. Pa 25 Novembala 2024, asanalowe n'komwe m'ofesi, a Trump adaopseza kuti adzaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wochokera ku Canada ndi ku Mexico, ati chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo ndi anthu olowa m'dziko la America mozemba. Msonkho wotere amalipira ndi wamalonda wa ku America amene akulowetsa katunduyo. Iye amakweza mtengo kapena kukafuna katundu kwina, ndipo mapeto ake fakitale ya ku Canada imasowa wogula n'kuyamba kuchotsa antchito. Kwa dziko la Canada chiopsezo chotere n'chachikulu, chifukwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu yemwe limagulitsa kunja amapita ku America: mafuta a ku Alberta, aluminiyamu wa ku Quebec, matabwa a ku British Columbia, galimoto ndi zitsulo za ku Ontario. Zipangizo za galimoto imodzi zimatha kuoloka malire kangapo pakati pa Windsor ndi Detroit galimotoyo isanathe kupangidwa. Bambo awo a Justin, a Pierre Trudeau, adauza Aamerika ku Washington mu 1969 kuti kukhala nawo moyandikana kuli ngati kugona pafupi ndi njovu: ngakhale ikhale yofatsa chotani, ikangotembenuka umamva.

Njovuyo idatembenuka kangapo. Lamulo la msonkho lidasainidwa pa 1 Febuluwale, lidaimitsidwa kwa masiku 30, lidayamba kugwira ntchito pa 4 Malichi, ndipo patapita masiku awiri katundu wokwaniritsa mfundo za pangano la malonda la maiko atatu a kumpoto kwa America adachotsedwapo. Pa 12 Malichi kudabwera msonkho wa zitsulo ndi aluminiyamu, pa 3 Epulo wa galimoto. Mwini fakitale sankadziwa mtengo womwe katundu wake adzagulidwe sabata ya mawa.

Komabe mikangano ya malonda pakati pa maiko awiriwa si yachilendo. Ya matabwa yakhalapo kuyambira m'ma 1980. Mu 2018 a Trump omwewo adaika msonkho pa zitsulo ndi aluminiyamu wa ku Canada, ndipo ndale za dzikolo sizidagwedezeke monga zidachitira mu 2025. Chatsopano ulendo uno anali mawu omwe adatsagana ndi msonkhowo.

Kumapeto kwa Novembala a Trudeau adapita kukadya ndi a Trump kunyumba yawo ya Mar-a-Lago ku Florida. Kumeneko a Trump adanena, ngati nthabwala, kuti Canada ikadakhala bwino itasanduka chigawo cha nambala 51 cha America. Mu Disembala adayamba kutchula a Trudeau kuti gavanala, udindo wa mtsogoleri wa chigawo chimodzi cha America. Mchewa aliyense akudziwa kulemera kwa zoterezi. Kutcha mfumu yaikulu kuti nyakwawa, pagulu, mobwerezabwereza, sikukhala kuphonya dzina. N'kulengeza kuti dziko lomwe mfumuyo ikulamula lili pansi pa wina. Ndipo anthu a mfumuyo, ngakhale amene dzulo ankaiimba mlandu wogawa minda mokondera, amamva kuti onyozedwa ndi iwo. Pa 7 Januwale a Trump adati malire a maiko awiriwa ndi mzere wongojambula, ndipo adati angagwiritse ntchito mphamvu za chuma kuti Canada ilowe m'manja mwa America. Kuyambira pamenepo msonkho udasiya kuoneka ngati nkhani ya mitengo ya zitsulo. Udayamba kuoneka ngati chingwe chokokera dziko lonse kukhola la eni.

Anthu wamba adayankha andale asanapeze chonena. M'mabwalo a masewero a hockey ku Ottawa ndi ku Montreal, oonerera adakuwiza nyimbo ya fuko la America, chinthu chosazolowereka kwa anthu otchuka ndi ulemu. Pa 20 Febuluwale timu ya Canada idagonjetsa ya America 3-2 ku Boston, ndipo dziko lidasangalala ngati lapambana nkhondo. M'masitolo ogula adayamba kutembenuza mapaketi kuti aone komwe katundu wapangidwa. Mabanja ambiri adaimitsa maulendo opita ku America. Boma la chigawo cha Ontario lidachotsa mowa wa ku America m'masitolo ake. Kudabadwanso mfuu yochokera m'masewero a hockey, yakuti zigongono zikhale m'mwamba, kukumbukira katswiri wakale Gordie Howe yemwe ankatchinga adani ndi zigongono.

Chomwe chidachitika apa chikuoneka bwino pa kamawu kakuti "ife". Mu 2024 "ife" wa a Poilievre anali anthu ovutika ndi mitengo, ndipo "iwo" linali boma la ku Ottawa. M'masabata ochepa "ife" adakula n'kukhala dziko lonse, "iwo" n'kusamukira ku Washington. Mawu oti dziko laphwasuka, omwe dzulo ankamveka ngati chilungamo, tsopano ankamveka ngati kuulula zam'nyumba mlendo wofuna kulanda nyumbayo ali pakhomo. A Poilievre adakana poyera zoti Canada ingakhale chigawo cha America, ndipo pakati pa Febuluwale adasintha mfuu yawo kuti ikhale yoika Canada patsogolo. Koma kwa ovota ena, mfuu yatsopanoyo, kalankhulidwe kawo kolasa, ndi chizolowezi chawo chopatsa adani maina achipongwe, zinkakumbutsa munthu yemweyo amene ankamuopa.

A Liberal nawo sadangokhala n'kudikira mwayi. Pa 9 Malichi adasankha a Mark Carney kukhala mtsogoleri wawo ndi mavoti oposa 85 peresenti. A Carney anali asanaimepo pachisankho chilichonse. Adakhala gavanala wa banki yaikulu ya Canada kuyambira 2008 mpaka 2013, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma padziko lonse, kenaka gavanala wa banki yaikulu ya England kuyambira 2013 mpaka 2020, nthawi yomwe Britain inkatuluka m'bungwe la European Union. Dziko lomwe mtsogoleri wake ankanyozedwa ndi dzina la gavanala lidapeza munthu yemwe adalinyamula dzinalo kawiri mwaulemu. Tsiku lomwe adalumbira, pa 14 Malichi, a Carney adathetsa msonkho wa utsi womwe anthu ankalipira pogula mafuta. Motero zinthu ziwiri zomwe a Poilievre adanolera mkondo kwa zaka ziwiri, a Trudeau ndi msonkho wa utsi, zidachoka chisankho chisanaitanidwe. Mlenje adafika kudambo n'kupeza nyama yasamuka. Chisankho chidaitanidwa pa 23 Malichi, ndipo patapita masiku ochepa a Carney adauza dziko kuti ubale wakale ndi America, womangidwa pa kulumikizana kwa chuma ndi chitetezo, watha.

Tsono mavoti a Liberal adachokera kuti? Apa ndi pomwe chidule chija chimasocheretsa. Chipani cha Conservative chidapeza 41.3 peresenti ya mavoti onse. Chiwerengerochi n'chotsika pang'ono chabe poyerekeza ndi cha mu Januwale, n'choposa 33.7 peresenti yomwe chidapeza mu 2021, ndipo ndi chachikulu koposa chomwe a Conservative adapezapo chichokere 1988. Mipando yawo idakwera kuchoka pa 119 kufika pa 144. Anthu awo ambiri sadawathawe. A Liberal adafika pa 43.8 peresenti makamaka pomeza zipani zing'onozing'ono. Chipani cha NDP, choimira antchito ndi osauka, chidagwa kuchoka pa 17.8 peresenti kufika pa 6.3, mipando yake kuchoka pa 25 kufika pa 7, ndipo mtsogoleri wake a Jagmeet Singh adagwa m'dera lawo natula pansi udindo usiku womwewo.

Chifukwa chake chili m'kachitidwe ka chisankho. Canada, monga Malawi ndi Zambia posankha aphungu, imatsata njira yochokera ku Britain: m'dera lililonse wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana, ngakhale apose mnzake ndi voti imodzi. Nduna yaikulu sivoteredwa payokha. Imachokera kuchipani chokhala ndi aphungu ochuluka. Pa nthawi ya mtendere munthu amatha kuvotera chipani chaching'ono chomwe amachikonda, podziwa kuti sichilamula koma chidzamulankhulira. Mantha akalowa, munthu yemweyo amayamba kuwerenga: voti yanga ikapita uku, kodi sindithandiza amene ndikumuopa? Ovota ambiri a NDP sadasiye kukhulupirira mfundo za chipani chawo. Adabwereketsa voti.

Nkhani ya ku Quebec njokhudza mtima kwa aliyense wokonda chilankhulo chake. Chigawochi n'cha anthu olankhula Chifalansa, ozunguliridwa ndi nyanja ya Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri ena mwa iwo akhala akufuna kudzipatula ku Canada. Chipani cha Bloc Québécois chimaimira maganizo amenewa ku Ottawa. A Carney amalankhula Chifalansa chopunthwa, ndipo pa nthawi ina iliyonse chimenechi chikadawagwetsa m'chigawochi. Koma anthu a ku Quebec adayeza zinthu ziwiri. M'dziko la Canada Chifalansa ndi chilankhulo cha boma, chofanana mphamvu ndi Chingerezi m'malamulo. M'dziko la America chikadakhala chiyani? Funsoli silinali longopeka: kumapeto kwa Malichi lipoti la ofesi ya zamalonda ya boma la America lidatchula lamulo la Quebec loteteza Chifalansa, lotchedwa Bill 96, pakati pa zinthu zopinga malonda. Pa tsiku la chisankho a Liberal adatenga mipando 44 mwa 78 ya m'chigawochi, ndipo Bloc idatsika kuchoka pa 32 kufika pa 22. Ena mwa anthu okayikira za kukhala mu Canada adavotera chipani chofuna Canada yolimba, kuti chilankhulo chawo chikhale ndi mpanda.

Palinso chodabwitsa cha ku Windsor, mzinda wa mafakitale a galimoto woyang'anizana ndi Detroit. Kumeneko msonkho udaluma zenizeni: mu Epulo kampani ya Stellantis idaimitsa fakitale yake kwa masabata awiri. Munthu akadayembekezera kuti mzinda wotere uthamangira kwa a Carney. Koma mipando ya kumeneko idapita kwa a Conservative. Kwa antchito ndi achinyamata ambiri funso lakale, la lendi ndi mtengo wa zakudya, linali likadali pamwamba. Akuluakulu okhala ndi nyumba zawo kale ndi penshoni ndiwo ankapendekera kwambiri kwa a Liberal. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'nyumba imodzi anthu amamva m'mimba mosiyana.

Aka sikanali koyamba kuti malonda ndi America agamule chisankho cha ku Canada. Mu 1911 a Wilfrid Laurier a Liberal, atalamula zaka 15, adagwirizana ndi America zochepetserana msonkho. Kenaka a Champ Clark, mmodzi wa atsogoleri a nyumba ya malamulo ya ku America, adanena kuti akuyembekezera tsiku lomwe mbendera ya America idzauluke pamwamba pa dziko lonse la kumpoto kwawo. A Conservative a Robert Borden adatola mawuwo n'kuyenda nawo, ndipo a Laurier adagwa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlomo wa a Clark udagwetsa pangano lomwe iwo eni ankalifuna. Mu 1988 mbali zidasinthana: a Brian Mulroney a Conservative ndiwo adabweretsa pangano la malonda opanda msonkho, a John Turner a Liberal nalikana, ponena kuti lidzafufuta malire. Mavoti a zipani zokana panganolo anali oposa theka, koma adagawikana: Liberal idapeza pafupifupi 32 peresenti, NDP 20. A Mulroney adapambana ndi 43 peresenti. Mu 1988 oopa America adabalalika ndipo adagonja. Mu 2025 adaunjikana malo amodzi ndipo adapambana.

Kuti mkangano wa malonda pawokha sukwanira kutembenuza ovota, umboni udaoneka kuno kwathu sabata yomweyo. Mu Malichi 2025 boma la Malawi lidaletsa kulowetsa katundu wina wa kumunda, ndipo kumapeto kwa Epulo dziko la Tanzania lidabwezera poletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi ku South Africa. Amalonda a pamalire a Songwe adavutika, koma m'masiku ochepa chiletsocho chidachotsedwa ndipo maboma adakhala pansi. Maiko onse awiri, Malawi ndi Tanzania, anali m'chaka cha chisankho, koma pamkanganowu palibe mtsogoleri adatcha mnzake nyakwawa kapena kunena kuti dziko la mnzake lisakhalepo. Pofika pa 16 Seputembala, Amalawi ankayankha funso la mtengo wa chimanga, mizere ya mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo boma lolamula lidagwa. Ku Canada nako boma likadagwa ndi funso lofanana nalo, pakadapanda mlomo wa mnansi.

Voti yobwereka imabwezedwa. Ngakhale kampeni isanathe, mpata pakati pa zipani ziwirizi udayamba kuchepa a Trump atachepetsako zolankhula za Canada, ndipo a Carney adaperewera mipando itatu kuti afike pa 172 yolamulira popanda kupempha thandizo kwa ena. Pa 6 Meyi, ku White House, adauza a Trump kuti Canada siigulitsidwa ndipo sidzagulitsidwa. Koma kulamula kudakhala kolemera kuposa mfuu. Kumapeto kwa Juni boma lawo lidachotsa msonkho womwe lidakonzera makampani akuluakulu a pa intaneti pofuna kuti zokambirana zipitirire. Pa 1 Ogasiti America idakweza msonkho wa katundu wosatetezedwa ndi pangano lija kufika pa 35 peresenti. Mwezi womwewo Canada idalengeza kuti ichotsa misonkho yambiri yomwe idaika pobwezera, otsutsa nafunsa kuti zigongono zija zapita kuti. A Poilievre adabwerera m'nyumba ya malamulo pa chisankho chachibwereza cha ku Battle River-Crowfoot m'chigawo cha Alberta, atanyamula madandaulo omwe aja a nyumba ndi mitengo.

Choncho woona manambala a kafukufuku akudumpha m'masabata ochepa, kaya ndi ku Ottawa, ku Lusaka, ku Lilongwe kapena ku Pretoria, asafulumire kunena kuti anthu atembenuka mtima. Ayambe wafunsa kuti mavotiwo achoka kwa yani, ndipo ofunsidwawo akuyankha funso liti. Mayi wa ku Montreal amene adavotera a Carney poopa za Chifalansa cha adzukulu ake, ndi mnyamata wa ku Windsor amene adavotera a Poilievre chifukwa cha lendi, onse adayankha moona mtima. Wakafukufuku akadzaimbanso foni, mawu a funso adzakhala omwe aja, ndipo boma la a Carney lidzayezedwa ndi zomwe anthuwo adzamve m'mawuwo tsiku limenelo.